Ababa Anali m'Chitini

Ababa anga anali dalaivala wa mmwenye wina wa sitolo ku Limbe. Tsiku la ukwati wawo ndi amayi, bwana wawoyo anabwera kwathu ku Chileka ndi kamera, najambula, kenako n'kuwapatsa filimuyo ngati mphatso. Kanali kalamba kakuda kokulungidwa pa kagudumu, kokwana m'dzanja. Makina oonetsera sanawapatse, ndiye kanangokhala m'chitini pansi pa sutikesi mpaka ababa anamwalira osakaonako.

Amayi atayamba kuvutika maso, kuchipatala anatiuza mosabisa kuti masowo akupita ndipo sabwerera. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde anati, "Iwe, bambo ako aja ali m'chitini, sindingawaoneko maso asanatseke?" Mtima unandipweteka. Ndinawauza kuti zivute zitani, awaona basi.

Ine ndine waphuma, kwathu aliyense amadziwa. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni, n'kugula pulojekita yotchipa, zija anyamata amaonetsera mpira. Kufika kunyumba tinaitembenuza uku ndi uku, ine ndi achimwene, kufunafuna polowetsera filimu. Panalibe! Mabowo ake anali a fulashi ndi zingwe basi. Achimwene anaseka mpaka kukhala pansi. "Achemwali, kuthamanga si kufikatu," anatero. Ndinapsa mtima. Ndinakaibweza, ndipo wogulitsayo ndinamumvetsa za kukhosi ngakhale wolakwa ndinali ine.

Wakabaza wina ndiye anandiuza za mkulu wa ku Lirangwe, Msilamu wogulitsa nsalu, amene kale ankazungulira m'masukulu kuonetsa kanema. Ndinawapeza ali pakauntala, kofia kumutu, akuyeza chitenje. Atamva nkhani yanga anatulutsa mapulojekita awiri ofumbirira. Yaikuluyo inali yowala bwino, koma mtengo wake ndinangoumva n'kuyang'ana kudenga. Yaing'onoyo mtengo wake unali wotheka, kungoti chokupizira mphepo cha mkati chinali chitafa.

"Mwana wanga, iyi ikuthandizani," anatero. "Koma filimu ikakhala mkati, isaime ngakhale pang'ono. Babu lake limatentha, liwotcha." Anandilangizanso kuti ndiike foni izijambula khoma, chifukwa filimu yakale imatha nthawi iliyonse ikazungulira. Poti kwathu kulibe magetsi, anati tibwere Lachisanu akachoka ku mzikiti, tidzaonere m'chipinda cha kuseri kwa sitolo. Munthu wosandidziwa, wa chipembedzo china, kutsegulira amayi anga nyumba yake choncho! Mulungu aziwadalitsa bambo amene aja.

Lachisanulo tinapita atatu, ine, amayi ndi achimwene. Mawindo tinatchinga ndi zitenje za m'sitolo momwemo, foni ndinaitsamiritsa pa mpukutu wa nsalu, mkuluyo n'kulowetsa filimu. Atayatsa anatuluka kukathandiza kasitomala, makinawo n'kuwasiyira achimwene. Makinawo anayamba kulira tatatata, ndipo pakhoma panaoneka anthu akuvina pabwalo lathu lomwe lija, mtengo wa mango uli waufupi. Mawu munalibe.

Amayi anadzuka pampando. Anasendera, n'kusenderanso, mpaka kuima pambali penipeni pa khoma, maso atatsinzina theka. Kenako anatulukira ababa, mnyamata woonda, atavala jekete lalikulu lofika m'zala, akubwera molunjika kamera uku akuseka.

"Eee! Bambo a ana, mwabwera? Jekete la eni ake limenelo!" anakuwa amayi. "Imitsani! Imitsani ndiwaone bwino!"

Achimwene kunalibe tsiku la chenjezo lija, ine sindinawauze, ndipo iwo sanayambe awakanirapo amayi kanthu. Ndisanatsegule pakamwa anali atadina kale batani loimitsira. Nkhope ya ababa inaima pakhoma, yaikulu, ikumwetulira. Kenako pamphumi panatupa ngati phala likuwira, panabooka, nkhope yonse n'kusungunuka. Chipinda chinadzaza fungo la pulasitiki wopserera.

Mayo ine! Ndinalira, ndipo achimwene ndinawalalatira mawu oti sindingawalembe pano. Amayi anandigwira pamkono. "Tasiya phokoso iwe," anatero. "Ndawaona. Ndawaona bwinobwino, ndi kampata ka m'mano komwe."

Mkulu uja anathamangira mkati, nadula popserera, n'kulumikiza ndi selotepi mosakalipira munthu aliyense. Tinaonera zotsalazo mpaka kumapeto. Pobwerera m'minibasi ndinatsegula foni, ndipo zonse zinalimo, nkhope ija ili chiimire mpaka pomwe inapsa. Ndinawapepesa achimwene pomwepo, anthu akutiyang'ana.

Maso a amayi anatseka mvula ya chaka chotsatira isanathe. Masiku ano akakhala pakhonde amandiitana kuti, "Iwe, tandiikira ukwati wanga." Ndimawaikira foniyo pafupi ndi khutu. Ukwatiwo ulibe nyimbo, ulibe ng'oma. Chimene chimamveka ndi kulira kwa makina aja, kenako mawu awo omwe akulonjera amuna awo. Akafika pamenepo amaseka, n'kundifunsa ngati ababa ayamba kale kumwetulira, ine n'kuyankha kuti eya amayi, akukuyang'anani.