Chitsamba chotchedwa Amake Dailesi

Lolemba madzulo, pochokera kuntchito, ndinapeza ba Bwalya atakhala pakhonde panga, nkhwangwa ili pamiyendo. Mkazi wanga anali atawapatsa tiyi, koma tiyiyo anazizira osamwedwa. Ndinaimika njinga patali pang'ono, moni ndinaperekera komweko.

"Ba neba, imwe munaphunzira," anatero. "Nifuna munipezereko zina ya chija chimtengo chili pakhomo pathu. Zina yeniyeni, ya mu buku. Ngati kulibe, pa Chiwelu nizachijuba."

Ndikufotokozereni. Ba Bwalya ndi mkazi wa ba Daka, kalipentala wa nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi kuno ku Kalingalinga. Anachokera ku Kitwe, ndipo ukwati wawo wangotha chaka. Mkazi woyamba wa ba Daka, Amake Dailesi, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Mayiyu ankachapa zovala m'mayadi a ku Kabulonga, ndipo tsiku lina anabwera ndi kanthambi atakakulunga m'nyuzipepala yonyowa. Anakabzala pafupi ndi khomo, nkumakathirira madzi otsukira mbale. Lero ndi chitsamba chofika m'chifuwa, ndipo Seputembala aliyense nthambi zake zimawerama ndi timaluwa toyera mbee.

Mayiyu sankadziwa kumana. Aliyense wosirira ankamuthyolera nthambi, mpaka mzere wathu wonse unadzaza. Poti palibe ankadziwa dzina la chitsambacho, tinangochitcha dzina la mwini wake.

Ndiye tangomvani zimene zimalankhulidwa mumzere mwathu. "Nkhuku zafukula Amake Dailesi." "Iwe, usayanike matewera pa Amake Dailesi!" Ngakhale ine ndinakalipirapo woledzera wina amene anafuna kutaya madzi pa Amake Dailesi wanga, ndipo sindinaone chachilendo m'mawu angawo.

Chimene chinatulutsa nkhwangwa ndi cha Lamulungu m'mawa. Ba Daka anatuluka m'nyumba, nadziwongola, nati mokweza, "Onani mwamene bawamira Amake Dailesi chaka chino!" Mkazi wawo anali pambali pomwepo, atavala chitenje chatsopano cha kutchalitchi. Amuna anzanga, kodi mitu yathuyi timayenda nayo ya chiyani?

Ndinafuna kuseka, koma ba Bwalya anaonjeza mawu amene anathetsa kuseka kwanga. "Ine nilibe mwana, kulibe amene aniitana amake uje. Manje pa nyumba panga chimtengo ndiye chili na zina ya amake." Zinandipweteka. Ndinalonjeza kuti dzina lipezeka Loweruka lisanafike.

Lachitatu nditaweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Ng'ombe, kanthambi kali m'thumba la malaya. Kumeneko kuli ba Zulu, mkulu amene wakalambira m'mayadi a azungu akusamala maluwa. Dona wina pobwerera kwawo ufulu utabwera anawasiyira buku lalikulu la zithunzi za maluwa, lopanda chikuto. Ba Zulu amalisunga m'sutukesi pamodzi ndi suti ya maliro.

Atangoona masamba ananyambita chala nkutsegula tsamba lenileni. "Spiraea," anatero, akuloza. Ndinawerenga pansi pake. Ndi mawu a Chigiriki, onena za chinthu chopotedwa mozungulira, chifukwa kale anthu akumeneko ankapota nthambi zamaluwa kukhala nkhata zovala kumutu pa chikondwerero. Azungu ena amachitcha nkhata ya mkwatibwi. Enanso amangochitcha Meyi, poti kwawoko chimachita maluwa mwezi umenewo. Kuno chimachita maluwa mu Seputembala, koma ba Zulu akuti madona ankachitchabe Meyi, thukuta lili kamukamu.

Bukulo linanditengera nthawi. Ndinapezamo kuti chitsamba chathu ndi pachibale ndi rozi, pichesi ndi apozi, onse banja limodzi. Chija cha minga ndi tizipatso tofiira, chimene a m'mayadi amabzala kumpanda kuti ife tisadumphe, dzina lake ndi Pyracantha, ndiye kuti minga ya moto. Aliyense amene chinamugwirapo buluku angavomereze. China cha maluwa achikasu chinatenga dzina la munthu wosamala maluwa amene anachinyamula pa sitima kuchokera ku China. Marozi ndiye osanena: tsamba ndi tsamba, mayi uje, dona uje, mkazi wa kazembe uje.

Ine ndinkayesa maina a m'buku anagwa kumwamba. Kani ndi anthu ngati ife, ongotchula chimene aona ndi amene wawapatsa! Kusiyana kwake nkwakuti iwo anali ndi inki.

Ndipo si maluwa okha. Chilandirire ufulu tasintha maina a misewu ndi matauni, zikwangwani zatsopano zili ngwee m'tauni monse. Nanga bwanji kondakitala akukuwabe kuti George, George, Marapodi? Amenewo ndi maina a anthu amene anali ndi malo pamene makolo athu anayamba kumanga. Eni ake ambiri a ife sitinawaonepo, koma dzina linakakamira. Wapampando wa chipani m'chigawo chathu anayesapo kutcha mpopi wathu dzina la ulemu, anthu nkuwomba m'manja bwinobwino. M'mawa mwake aliyense anakatunga madzi "pa Amake Fostina", mayi wogulitsa vitumbuwa pambali pake.

Ndinawafotokozera ba Zulu za nkhwangwa ija. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Uyo mukazi asavutike na buku," anatero. "Zina ya maluwa siichoka mu buku, ichoka pa kwanja yamene yakupatsa. Ine pano nili na Dona wa Agalu, nili na Ba Father, nili na Mwenye. Ukanifunsa Spiraea nizakuuza, koma nikafuna kuthirira niitana Dona wa Agalu. Ndipo chija chimtengo, maluwa yakasila, chifunika kuchijubako ndithu. Muuzeni ajube na mpeni, asajube na nkhwangwa. Nthambi asataye."

Lachinayi ndinapita kwa ba Bwalya ndi kapepala, dzina nditalilemba m'zilembo zikuluzikulu. Analiyesa katatu, lilime likukana.

"Sipaya chani? Awe mwandi, iyi ni zina ya mankhwala ya mphere."

Ndinayesa nkhata ya mkwatibwi, poganiza kuti pamenepo ndawafika pamtima. Anangondiyang'ana. "Mukwatibwi uti, woyamba olo wachiwiri?" Apa sukulu yanga inathera pomwepo. Ndinangopereka uthenga wa ba Zulu monga ndinaulandirira, nkubwerera kwanga nkhwangwa ikadali yotsamira pakhoma lawo.

Ndisaname, Lachisanu lonse mtima unali m'mwamba. Dailesi, mwana wa malemu, anakwatiwa ku Matero, ndipo akabwera kudzaona bambo ake amayamba waima pa chitsambacho asanalowe m'nyumba. Ndinkadzifunsa kuti tidzamuuza chiyani akadzapeza chitsa. Komanso ndani angauze mkazi wamoyo kuti apirire, azingomva mwamuna wake akuyamikira mnzake pakhomo pake pomwe?

Loweruka m'mawa ndinamva kuti khwapu, khwapu. Ndinatuluka sopo ali kumaso. Ba Bwalya anali pa chitsamba ndi mpeni wa kukhitchini, akudula nthambi zimene maluwa ake anafota. Pakhonde anali atandandalika zitini za mafuta ophikira, zija timazipeza titaima pamzere theka la tsiku, zonse zodzaza dothi lakuda. M'chitini chilichonse anazikamo kanthambi. Ba Daka ankaboola zitinizo kunsi ndi msomali, atazyolika ngati mwana wobwera mochedwa kusukulu.

Masana kunabwera amayi atatu a ku Mtendere, anzawo a ba Bwalya a kukwaya. Ku Mtendere chitsambachi kulibe, ndipo amayiwo sankamudziwa Amake Dailesi. Aliyense ananyamula chitini chake pamutu. Ali pa mpopi, mmodzi anatembenuka nkufunsa mnzake, "Iwe, aba ba Bwalya bafuna madzi kangati pa wiki?"

Ba Bwalya anamva. Ndinawaona akupukuta mpeni uja nthawi yaitali kuposa mmene mpeni umafunira.

Ndinayandikira nkufunsa mwachinyengo kuti nanga chachikuluchi tizichitcha chiyani tsopano, Spiraea kapena Meyi. Anatenga beseni la madzi otsukira mbale, nathira patsinde pake mosamala.

"Aba ni Amake Dailesi, basiyeni," anatero. Kenako analoza zitini zotsala pakhonde. "Koma aba bana ni banga."

Inu owerenga, tulukani panja muyang'ane chimene chamera pakhomo panu. Munachitenga kwa yani? Nanga ku Chawama kapena ku Kanyama, alipo amene m'mawa uno wathirira chitsamba nkutchula dzina lanu?