Ndinapititsa nsapato kwa mmisiri m'malo mopititsa phazi kuchipatala

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Kuyambira mu Okutobala ndinkamwa madzi osakhutira, ndipo mapazi ankachita dzanzi. Ndinkati ndi kutentha kwa kuno ku Phalombe ndi kunjenjemera kwa njinga yamoto. Zinali zaka zoyambirira za matipate, ine ndili mlangizi wa ziweto, tsiku lililonse ndili pamsewu pakati pa Migowi, Chiringa ndi midzi ya kwa Mkhumba.

Mvula itayamba mu Disembala, ndinapeza nsapato pakaunjika ku Migowi. Zinali zakuda, zazitali mpaka m'munsi mwa bondo, zokhala ndi chigamba cholimba pamwamba pa chala chosinthira magiya. Wogulitsa anati ndi za anthu oyenda maulendo aatali panjinga yamoto ndipo sizilowa madzi. Mtengo wake sunali woboola m'thumba. Kunyumba ndinazivala n'kuima m'beseni lodzaza madzi, mkazi wanga Esinati akuseka mpaka misozi. Sokosi zinatuluka zouma. Ndinazikonda nsapatozo ngati mwana ndi malaya a Khirisimasi. Ndinkawoloka nazo timitsinje, kulowa nazo m'makola amatope, ndipo kuvula kunali kochita kundikumbutsa.

Mu Januwale sokosi ya kumanzere inayamba kunyowa. Ndinakhumudwa poganiza kuti wakaunjika uja anandipusitsa, ndipo ndinapita nayo nsapatoyo kwa mmisiri wosoka nsapato pamsika. Bamboyo anathiramo madzi, koma sinadonthe. Kenako anapisamo dzanja, n'kulibweza msanga chala chikutuluka magazi. Kamsomali kanali kataboola pansi n'kutulukira mkati.

"Bwana, nsapatoyi ilibe mlandu," anatero. "Madziwo akuchokera kwa inu. Mwaponda msomali umenewu masiku angati osamva?"

Ndinatembenuza phazi n'kuona bala m'munsi mwa zala, kukula kwake ngati batani la malaya. Silinkapweteka ngakhale pang'ono, ndipo n'chimene chinandinamiza. Ine amene ndinkakalipira alimi akachedwa kundiitanira ng'ombe yodwala, ndinangopaka mankhwala a jivi, kumanga kansalu, n'kuvalanso nsapato zanga. Esinati sindinamuuze.

Anatulukira yekha patatha milungu iwiri, chifukwa cha fungo la sokosi pochapa. Pamenepo phazi linali litatupa, zala ziwiri zitada, thupi likutentha. Sanakalipe. Anangoti, "Abambo a Dalitso, mpaka kundibisira ine?" Mawu amenewo anandilasa kuposa msomali uja. Tsiku lomwelo tinakwera minibasi kupita kuchipatala cha mishoni.

Anandibaya pachala n'kuyeza magazi. Dokotala analiyang'ana phazilo nthawi yaitali, kenako anati, "Muli ndi matenda a shuga, ndipo mwakhala nawo kalekale. Ndiwo achititsa kuti phazi lisamve ululu. Zala ziwirizi tichotsa mawa. Kufiiraku kukapitirira, tidzadula m'munsi mwa bondo." Anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu, pamene kufiirako kunalekezera.

Ndinachita mantha, sindibisa. Phazi la kumanzere ndilo limasintha magiya. Popanda ilo panalibe njinga, panalibe ntchito, ndipo ana athu atatu anali adakali pasukulu.

Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku ndi tsiku. M'mawa namwino ankayeza shuga, kubaya jakisoni wa insulini, kenako kutsuka bala. Pomasula bandeji, tonse atatu, ine, Esinati ndi namwinoyo, maso ankakhala pamzere uja. Dokotala ankadutsa cha m'ma teni koloko, ndipo kuyambira pamenepo kunali kudikira basi. Esinati ankagona pamphasa pambali pa bedi langa, n'kumakaphika kumalo ophikira oyang'anira odwala. Atamva kuti ndaletsedwa shuga, iyenso anasiya kuthira m'tiyi wake. Ndikamuuza kuti wodwala ndine ndekha, ankangoti tiyi wa m'chipatala ndi woipa kale.

Tsiku lachisanu kufiira kunafika pamzere penipeni. Namwino anangomanganso bandeji. Masana amenewo Esinati anakhala kumiyendo kwa bedi, phazi langa lili pamiyendo pake, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'Chilomwe cha kwawo. Ndinkaona zala zake zikusisita chidendene changa, koma sindinkamva kanthu. Ndinalira, osati chifukwa cha phazi ayi, koma poganiza kuti munthu wotere ndinam'bisira.

M'mawa mwake kufiira kunali pomwepo, osadutsa. Patatha masiku atatu kunayamba kubwerera. "Phazi lanu mupita nalo kwanu, bambo," anatero dokotala.

Ndinatuluka mu Malichi, nditagona milungu isanu ndi umodzi, ndikuyenda ndi ndodo. Mu Julayi ndinakweranso njinga. Giya yoyamba inalowa movutikira, yachiwiri inalowa bwino, ndipo ndinazungulira bwalo la ofesi kanayi ngati wophunzira.

Lero ndili bwino. Phazilo lili ndi zala zitatu, ndimadzibaya insulini tsiku lililonse, ndipo kusikelo ya odwala shuga sindijomba. Nsapato zija ndinavalanso zaka zingapo, koma ndinkayamba ndapisamo dzanja monga anandiphunzitsira anamwino.

Inu amene mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena dzanzi kumapazi, pitani mukayezetse shuga msanga. Bala losapweteka musalipeputse, ndipo musalibisire munthu amene mumakhala naye. Dzanzi langa silinathe, ndipo madokotala anati silidzatha. Choncho m'mawa uliwonse, ndisanavale sokosi, Esinati amanyamula phazi langa n'kuliyang'ana pansi ndi pakati pa zala. Ine sindimva dzanja lake. Ndimangoyang'ana nkhope yake, ndipo akamwetulira ndimadziwa kuti phazi langa lili bwino.