Masamba Amene Ndinayala Pamsewu wa Asibweni

Masamba aja ndinayala ndine. Ndanena poyambirira pomwe kuti wina asavutike kufufuza, chifukwa mpaka lero ku Misuku alipo amene amanamizira mwana wa abusa, chikhalirecho mnzangayo tsiku limenelo anali chigonere ndi malungo. Ndinathyola ndekha, ndinakoka ndekha, ndinayala ndekha. Ndipo mutandibwezera ku chaka chimenecho, ndikhoza kuthyolanso.

Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 2, tchuthi chachitali, khofi atapsa m'mapiri monse. Bambo anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, boma linangowaponya kumeneko, iwo nkukwatira mayi anga, mwana wa komweko. Mayi anali ndi mlongo mmodzi yekha, malume anga, amene tinkawatchula kuti asibweni monga amanenera kumeneko. Asibweni ankakonda zinthu ziwiri: njinga yawo yakuda yogula ku Tanzania, ndi chipumu, mowa wa mawere uja anthu amamwa atazungulira mphika, aliyense ndi kabango kake, wina akuthiramo madzi otentha. Chilichonse pachokha chinalibe mlandu. Mlandu unali kuziphatikiza.

Nyumba yawo inali kumunsi kwa chitunda chachitali, pafupi ndi mlatho wa matabwa. Msewu wake ndi wotsetsereka zoopsa, ndipo chapakati pali kona. Chaka chathacho pakona pomwepo panafera mnzawo wa asibweni, akuchokera kumowa panjinga. Anakampeza kumtsinje khosi litathyoka. Asibweni ananyamula nawo bokosi, analira, analumbira pamaso pa anthu. Sipanathe mwezi anali pachishalo kachiwiri, njinga yopanda buleki yakumbuyo, akuimitsa ndi chidendene cha nsapato.

Loweruka limenelo kunali dima kwa mkulu wina pamwamba pa phiri. Anthu anathyola khofi m'mawa wonse, kenako nkukhalira mphika. Dzuwa litangopendeka mayi anandiitana.

"Thamanga ukawalande njinga asibweni ako. Ukakankhe ndiwe, iwo ayende pansi."

Ndinawapeza maso ali psuu, akufotokozera anzawo mmene ndege imaterera, chonsecho sanaionepo pafupi. Ndinanyonyomala mwaulemu.

"Asibweni, amayi akuti ndikutengereni njinga."

"Muphwa wane," anatero, kutanthauza mwana wa mlongo wawo, "kodi kusekondale kwanuko akuphunzitsa kuba? Njinga iyi imadziwa njira kuposa amayi ako."

"Nanga kona ija?"

"Kona ija ndi ya amantha. Choka apa, ungatigwetsere mphika."

Anzawo anaseka, wina nkundilozera kabango kake kuti ndilaweko. Ndinakana, osati chifukwa cha khalidwe, koma bambo anali ndi mphuno yakuthwa.

Ndikutsika, nzeru inandifikira yokha. Kwathu kukagwa maliro amayala masamba pamsewu, ena kumtunda kwa nyumba ya maliroyo, ena kumunsi. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika nkumakankha, wachipewa amavula. Chidakwa chikhoza kutukwana aliyense, koma masamba sichiwadumpha chili pachishalo. Sindinama kuti ndinkangoganizira khosi la asibweni. Ndinkafunanso kuona akuluakulu akuvula zipewa chifukwa cha ine.

Ndinayala nthambi zoyamba pamene chitunda chimayambira. Ndinadutsa kanjira kachidule ka m'nthochi, ndinayala zina kutsidya kwa mlatho, ndinakweranso wefuwefu nkubisala kumtunda. Chimene sindinachiganizire, ine wa Fomu 2 amene masamu ndinkakhoza, nchakuti pakati pa masamba awiriwo panali nyumba imodzi yokha.

Oyamba kufika anali anyamata awiri a malaya ofiira, aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani. Anali atakwezana panjinga imodzi. Ataona masamba anatsika, nkhope nkugwa, nayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati anthu abwino. Ndinaluma mkono kuti ndisaseke.

Kenako inamveka nyimbo. Asibweni anatulukira akupalasa mokhotakhota, malaya ali pamtunda. Ataona masamba anakanda pansi ndi chidendene, fumbi koboo, njinga nkuima. Anatsika. Anavula chipewa. Mtima wanga unati myaa, ntchito yatheka. Koma iwo anayang'ana kuchigwa, anatambasula chala ngati akuwerenga, chala nkuima pa denga lawo lomwe.

Njinga inagwa pansi.

"Mayo ine! Mkazi wanga! M'mawa wandiphikira mbatata ali bwinobwino!"

Anayamba kutsika wapansi, manja kumutu, akulira mokweza. Azimayi amene anali m'minda ya khofi anamva, anatuluka, anaona masamba, anaona mwamuna akulira mkazi wake, nawonso nkuyambapo. Pamaliro safunsa kawiri.

Kumunsi nako zinthu zinali zitayamba kale. Izi ndinazimva pambuyo pake kwa akazi awo a asibweni eniake. Iwo anali akuyanika khofi pathandala pamene anyamata a malaya ofiira aja anafika nkunyonyomala pabwalo.

"Pepani mayi. Taona masamba kumtunda kwa kona."

Mayiwo ankadziwa kumene amuna awo anapita, ankadziwa chimene ankamwa, ankadziwanso kona ija. Sanafunse kanthu. Anamanga chitenje m'chiuno nathamangira kumtunda akulira mwamuna wawo.

Anakumana pakona penipenipo. Ine ndinali nditatsatira m'nthochi, ndipo ndinaona zonse. Kumtunda gulu likulira mkazi, kumunsi mkaziyo akubwera akulira mwamuna. Onse anaima.

"Inu simunafe?" anafunsa akazi awo.

"Ine ndimalira iwe."

"Mumalira ine? Ndafa liti ine?"

"Nanga masambawo?"

Mayiwo anayandikira, ananunkhiza, anavula duku nkuwakwapula nalo kumaso kawiri. Kenako anawagwira malaya pachifuwa, osawasiyanso, misozi ikadali mbwembwembwe. Asibweni pofuna kubwerera m'mbuyo anaterereka pamiyala nasupuka bondo. Bala la tsiku limenelo linali lomwelo basi, ndipo analimanga ndi duku lomwe lija.

Koma uthenga wa maliro uli ndi miyendo. Dzuwa lisanalowe pabwalo la asibweni panali patafika mitolo ya nkhuni, timabeseni ta ufa, nyemba, ngakhale mkulu wa mpingo ndi buku lake la nyimbo. Anthu anakhala pansi akufunsana kuti wayala masamba ndani. Ine ndinalowa pabwalopo ndikukankha njinga ija, malaya ali ndi utomoni, mano onse pamtunda. Panalibenso chofufuza.

Asibweni mowa unali utawathera. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Muphwa wane, iwe ndiwe mfiti."

"Koma mwatsika wapansi, asibweni."

"Khala chete, ungandichititse tchimo."

Musaganize kuti anasiya chipumu. Anamwa mpaka ukalamba. Kungoti kuyambira sabata imeneyo, Loweruka lililonse akazi awo ankachotsa tcheni cha njinga nkuchibisa m'nkhokwe, ndipo asibweni ankapita kumowa wapansi akung'ung'udza.

Kunyumba bambo anandiuza kuti masamba a maliro si choseweretsa, ndaitana imfa pamudzi wa eni, ndawachititsa manyazi iwo mlendo. Mayi anangotseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinalandira zikoti zisanu ndi chimodzi, koma dzanja la bambo linazolowera ana a Sitandade 3, moti ndinachita kukuwa dala kuti asakhumudwe.

Chilango chenicheni chinali cha m'mawa mwake. Anandilamula kubweza mtolo uliwonse wa nkhuni ndi kabeseni kalikonse ka ufa kwa mwini wake, pamutu, ndikafika ndigwade ndipepese. Nyumba zake zinali zomwazikana m'mapiri, ndipo zinanditengera masiku awiri. Pakhomo lililonse ankayamba ndi kundikalipira. Akatopa ankati, "Tafotokoza bwino, akuti anakumana pakona?" Ine ndinkaimirira nkuwasonyeza mmene asibweni ankalirira, manja kumutu, ndi mmene duku linawapezera. Kwina anandipatsa nthochi zowotcha, kwina chinangwa, kwina tiyi wamkaka. Mayi wina anandiuza kuti ndibwerezenso kuti amuna ake amve, nkundiwonjezera mapeyala awiri a m'njira.