Atate sakwera ulere

Atate anayendetsa minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo lamulo lawo linali limodzi: m'galimoto mulibe chibale. Ngakhale ine mwana wawo ndinkalipira. Iwonso akakwera ya mnzawo, ankapisa m'thumba asanakhale n'komwe.

Mwana wanga wamkazi ataphunzira kuyendetsa ndeke, anabwera kwathu ku Nangongwe n'kunena kuti akufuna kukweza agogo ake m'kandeke kakang'ono, akaone mtsinje wa Kafue ali m'mwamba. Apo n'kuti maso a atate atayamba kuchita chifunga.

"Ni zingati?" anafunsa atate.

"Ni mahala, agogo. Laisensi yanga sinivomeleza kutenga ndalama. Kunyamula bantu bolipila ni nchito ya makampani yamene boma inapasa chilolezo, yamene bamayapimila ndeke na madraiva. Nikalandila olo ngwee, bazanipoka laisensi."

Atate anamvetsa msanga, poti kusiyana kwa galimoto ya pakhomo ndi yonyamula anthu ankakudziwa bwino. Koma za ulerezo anakanitsitsa. "Nizayembekeza ungene kampani," anatero.

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawauza kuti maso sadikira munthu, koma nkhalamba ija inangopitiriza kusenda chimanga chake ngati ndikulankhula ndi khoma. Zaka zinapita, mwana akulemba mayeso ena ndi ena, chifunga chija chikukulirakulira.

Kenaka kampani ina inamulemba ntchito yothandizana ndi woyendetsa wamkulu. Tikiti ya ulendo wake wa ku Livingstone atate anagula okha, ndipo yotchipa ya achibale a antchito anaikana. Pofika tsikulo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, komabe anaumirira mpando wa pawindo poti anaulipira.

Titangonyamuka pang'ono, mtsinje uja unaoneka. Ndinayamba kuwafotokozera madzi, madambo ndi malata akunyezimira cha kwathu. Zinandiwawa kuti ndikuona ndekha zimene mwana anakonzera iwo. Atate anandisisita dzanja, nkhope ili mwee, mutu ataupendeketsa pomvetsera injini monga ankachitira ndi minibasi yawo.

Matayala atagunda pansi mofewa, anthu ena anaomba m'manja. Atate anatembenukira bambo wachilendo amene anakhala kumbuyo kwathu.

"Mwamvela mwamene aimikila? Uja draiva ni muzukulu wanga. Koma nalipila, monga imwe."