Mbuzi ya Bere Kuseri kwa Mpando

Ndinanyamuka pa Boma la Mzimba nthawi ya 9 koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kulusa. Ndinali ndi mbuzi yamkaka, ya bere, imene ndinagula nditadzimana chaka chathunthu pa kamalipiro kanga kauphunzitsi. Amayi anga, amene ndimakhala nawo ku Embangweni, mano adatha, ndipo chimene chimawalowa ndi phala lamkaka basi. Mbuziyo inayenera kufika yamoyo.

Kondakitala wa minibasi anati ine zikwi zisanu ndi chimodzi mpaka pa Jenda, mbuzi zikwi ziwiri ikamangidwa, koma ikati iime ilipire mpando wathunthu. Ndinasankha zotchipa. Inamangidwa miyendo inayi pamodzi ndi mphira, n'kugonekedwa cham'mbali kuseri kwa mpando wakumbuyo.

Pambali panga panakhala bambo wina watayi, wachikwama chatsopano, akuchokera kuhotela kumsonkhano wa kasamalidwe ka ziweto. Palibe anawafunsa, koma anatiphunzitsa. Akuti akatswiri adapeza kuti chiweto chimamva ululu ndi mantha ngati munthu. Akuti ngakhale mbewa zoyesera mankhwala zili ndi malamulo oziteteza, ndipo mkango wotsekeredwa kuti anthu aziuona umadwala maganizo. Zonsezi ankanena mbuzi yanga ikulira kumsana kwawo. Anacheuka kamodzi kokha, kudandaula kuti fungo likuwalowa m'jekete. Maphunziro a kuhotela ake amenewo!

Pa Jenda tinafika cha m'ma 11 koloko. Tinadikira ola lathunthu kuti kagalimoto kopita ku Embangweni kadzaze, mbuzi ili chimangire m'buti. Ine ndinakukuta chimanga chootcha. Akatswiri athu atayi aja, amenenso ankalowera komweko, anagula kanyenya wa mbuzi, n'kumapitiriza phunziro mafuta akuyenderera m'zala. Apa anakwera madala ena oweta ng'ombe a ku Edingeni, ovala nkhwayira, amene anangotilonjera kuti monire.

Titayenda mtunda ndithu m'mabampu, mbuzi inasiya kulira. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi, ndipo bambo watayi anatsimikiza kuti yazolowera ulendo. Madala aja ndi amene anamenya denga la galimoto.

"Yimikani, adada! Mbuzi yaleka kulira."

Titatsegula buti tinapeza mimba yafufuma kumanzere ngati ng'oma, lilime lili panja. Madalawo anadula mphira ndi kampeni, anaimika mbuzi miyendo yakutsogolo pachulu, n'kuyamba kuisisita mimba. M'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka anandiuza kuti mbuzi kapena ng'ombe ikagona cham'mbali nthawi yaitali imalephera kugeya, mbwenu mpweya umaitsamwitsa. Mayi wina anapereka mafuta ophikira, tinaimwetsa pang'ono. Nanga bambo watayi? Anaima patali kuopa fumbi, akujambula ndi foni, ati zikalowe mu lipoti. Ndinafuna kuwalavulira.

Mbuzi itageya, dalaivala anati tiimangenso tizipita. Ndinakana. Ndinathokoza madala aja kuti yewo chomene, galimoto inapita, ine ndinatsala pamsewu ndi chingwe m'manja. Tinayenda wapansi maola atatu, tikupuma pamthunzi uliwonse, mbuzi ikutsimphina, ine ndikutukwana kondakitala, dalaivala ndi msonkhano wonse wa kuhotela. M'njiramo ndinaphunzira kuti kudziwa kuti chiweto chimamva ululu n'kosavuta. Chovuta n'kuchipatsa malo m'galimoto.

Tinafika pakhomo dzuwa litapendeka. Mbuzi inamwa madzi, inazungulira m'khola kangapo, kenako inataya tiana tiwiri takufa. Amayi anatuluka ndi ndodo yawo, anagwada movutikira, n'kupapasa mabala a mphira m'miyendo yake.

"Anaimanga chonchi ndani, mwanawe?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule kondakitala. Koma pomanga paja, amene anaipanikiza ndi bondo kuti isaphiriphite ndinali ine.