Phazi la Atate ndi Masisitere a ku Chifunde

Chaka chimene atate anabayidwa ndi chitsa kuphazi, ine ndinali nditabwerera kale kumudzi ndi ana anga awiri, ukwati wanga utatha ku Kasakatiza. Amayi anamwalira kalekale ku Zambia, nthawi imene tinali kothawa nkhondo. Choncho pakhomo pathu, chakumtunda kwa Nsadzo, tinalipo ine, atate ndi anawo basi.

Atate anali mlimi wa fodya. Chitsacho chinawabaya akusenza mitengo yokonzera chigafa. Bala lake linali laling'ono, moti anangothirapo phulusa, n'kumanga kansanza, n'kupitiriza ntchito. Mvula isanayambe balalo linali litasanduka chilonda chakuya, chonunkha, ndipo ntchentche zinkawatsata kulikonse. Anapita kwa sing'anga wina, mnzawo wa ku dambwe, amene anawapatsa mizu yosinja. Sinathandize.

Kufupi ndi Chifunde kunali nyumba ya masisitere achikatolika. Ife amene tinakulira ku Zambia tinkati asisitere, pamene anthu amene nkhondo inawapeza ndi kuwasiya konkuno ankati airima, kutengera Chipwitikizi. M'nyumbamo analimo atatu, koma mmodzi ankakhalira ku sikola ya ana, ndipo sindinamudziwe bwino. Amene ndinawadziwa ndi awiri. Aakulu anali mayi wamfupi wochokera ku Nampula, wa imvi zosuzumira pansi pa duku lotuwa, wolankhula Chinyanja chokhota. Iwowa ndiwo anaphunzira za chipatala, ndiponso ndiwo ankayendetsa mota, njinga yamoto ya pakhomopo. Aang'ono anali mtsikana wamtali wa ku Angoniya, wa chilankhulo chathu chomwechi, woseka mokweza.

Ankabwera m'midzi kudzayeza ana pa sikelo ndi kuphunzitsa amayi kuphika phala la nsinjiro. Tsiku lina atamaliza ntchitoyo pabwalo, ndinawapempha airima aakulu kuti akawaone atate. Tinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atauika pa mtondo wogubuduza. Airima anagwada, n'kumasula nsanza ija, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mwakhala nalo nthawi yaitali bwanji?"

"Phazili? Chibadwire," atate anayankha.

Airima sanaseke. Anawabaya pachala ndi kasingano, n'kudonthezera magazi pa kachipangizo kena, kenaka anati magazi a atate ali ndi shuga wambiri, n'chifukwa chake chilonda sichikupola. Anati chimafunika kutsukidwa tsiku lililonse, ndipo popeza kwathu n'kutali, ndi bwino atate akakhale kuseri kwa nyumba yawo.

"Mayi, ine si wa tchalitchi," atate anatero. "Ndine wa gule. Anakuuzani?"

"Anandiuza."

"Ndiye musakandithire madzi pamutu ndili m'tulo."

"Madzi amene ndili nawo athera kuphazi," airima anatero akutseka chikwama chawo.

Tinapita pa ngolo ya ng'ombe ya mlamu wawo wa atate. Ana ndinawasiya kwa azakhali. Chipinda chimene anatipatsa kale ankasungiramo chimanga, ndipo m'makona munali mukadali anankafumbwe akufa. Anaikamo bedi limodzi lachitsulo la atate ndi mphasa yanga.

Ine ndinabatizidwa ndili mwana ku Zambia, chifukwa amayi ankapemphera, koma masisitere ndinali ndisanakhale nawo pafupi. Ndinkaganiza kuti ndi anthu oyenda mwakachetechete, osakwiya. Sizinali choncho. Ankakangana za mafuta a mota, za amene anasiya chitseko cha dimba chotsegula mbuzi n'kudya repu, za mchere wochuluka m'nyemba. Airima aakulu anali aukali, ndipo aang'ono nthawi zina ankawayankha. Koma kukacha, mmodzi ankaimba kabelu, onse n'kulowa m'kachipinda kamene munali mtanda, mabenchi awiri ndi kanyali kofiira. Ankaimba masalimo m'Chipwitikizi mosinthana, uyu mzere wake, uyu mzere wake, ngakhale amene anagona atakwiyirana. Akatha kuimba ankangokhala chete. Ine ndinkasesa panja pa zenera, ndipo ndinkadabwa kuti anthu a ntchito zambiri chotere angathe bwanji kukhala osachita kanthu mpaka dzuwa kufika pa denga la khitchini. Masana ankalowamonso pang'ono, ndiponso madzulo asanadye.

Pakhomopo sipankatha anthu. Kunkabwera amayi a ana otupa mapazi, agogo ofuna mankhwala a m'maso, atsikana a mimba othamangitsidwa kwawo. Ena ankathandizidwa, ena ankauzidwa kuti mankhwala atha, apite ku chipatala cha boma. Ndinaonapo mayi wina akutukwana airima aang'ono chifukwa ufa wa phala unathera pa iye. Airimawo anangoima mpaka mayiyo anatopa, kenaka anakatenga mapapaya awiri kudimba n'kumupatsa. Mayiyo analandira, n'kumapita akutukwanabe.

Phazi la atate linkatsukidwa m'mawa uliwonse pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkawiritsa madzi n'kuthiramo mchere. Airima aakulu ankayala thumba pansi, n'kugwadapo, n'kuyamba kuchotsa mnofu wakufa ndi kalumo kopindika. Masiku oyamba airima aang'ono, amene ankagwira beseni, ankathamangira kuseri kwa bafa kukasanza, n'kubweranso kudzagwira beseni lomwelo. Atate sankalira. Ankayang'ana m'mwamba mumtengo, akung'ung'uza nyimbo za ku dambwe. Airima aakulu nawo milomo yawo inkagwedera pamene manja akugwira ntchito.

Tsiku lina atate anafunsa kuti, "Mayi, mumalankhula ndi yani mukamandicheka?"

"Ndi Mulungu."

"Amakuyankhani?"

Airima anafinya kansalu m'beseni asanayankhe. "Ndili mtsikana ndinkamva ngati amayankha. Tsopano papita zaka zambiri ndisakumva kanthu."

"Nanga mumadzukiranji m'mamawa muja?"

"Ndinalonjeza. Ndiponso kusamva kwanga sikutanthauza kuti kulibe womva."

Atate anati, "Ifenso timathira nsembe pansi pa mtengo, mvula osabwera. Chaka chinacho timakathiranso."

"Kapena n'zofanana, kapena ayi," airima anatero. "Kwezani phazi."

Sindinawamvenso akukamba za Mulungu. Nkhani zawo zambiri zinali za fodya, chifukwa airima ankadana naye ndipo atate ankamuteteza, ndi za nkhondo, imene aliyense anaiona kumbali yake.

Poyamba chilonda chinaoneka ngati chikuchepa. Fungo linatsika, atate anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kudimba, kumene ankawalangiza airima aang'ono za kathiridwe ka manyowa ngakhale sanafunsidwe. Koma mango atayamba kupsa, zala ziwiri za kuphaziko zinada. Kuda kuja kunayamba kukwera. M'mawa wina airima aakulu atamasula nsalu, sanatsuke msanga. Anakhala pa chidendene, n'kundiuza kuti ndikhale pansi nanenso.

"Bambo, apa ine ndalephera. Phazi ili lafa. Tikalisiya lipha thupi lonse. Tiyenera kupita nanu ku Tete, madokotala akalidule pansi pa bondo. Galimoto ndipeza, ndipo ndipita nanu ndekha."

"Akadula, phazilo akaliika kuti?"

"Akalikwirira komweko."

"Ndiye ine ndidzaikidwa kuno, phazi langa lili ku Tete?"

"Mudzakhala ndi moyo. Mudzaona adzukulu anu akukula."

"Ayi, mayi. Ndinapita ku Zambia wathunthu, ndinabwerako wathunthu. Kwa makolo anga ndipitanso wathunthu."

Airima anakwiya. Chinyanja chinawathawa, anayamba kusakaniza ndi Chipwitikizi, akuloza phazi, akuloza ine. Anati munthu sasankha imfa pamene njira ilipo. Anandiuza kuti ndilankhule nawo ndine mwana wawo. Ndinayesa tsiku limenelo ndi masiku otsatira, ndinaitanitsa ngakhale azakhali, koma atate ankangoti amva. Airima anabweretsa bambo wina wa mwendo umodzi, amene anaponda bomba lokwirira nthawi ya nkhondo ndipo tsopano ankasoka zovala pamsika wa Chifunde, kuti atate aone kuti munthu amakhala ndithu. Anacheza bwino awiriwo, anagawana fodya, koma mlendoyo atapita atate anati iye uja sanafunsidwe, pamene iwo akufunsidwa, ndipo yankho lawo ndi lomwe lija.

Masiku amenewo airima aakulu ankatsuka chilonda osalankhula. Madzulo ena ndinawaona kudzera pazenera atatsala okha m'kachipinda kopemphereramo, anzawo atapita kukadya, atakhala pabenchi manja ali pa maondo. M'mawa mwake anabwera ndi beseni monga mwa masiku onse, n'kunena kuti, "Bambo, ndamva. Sindidzanenanso za ku Tete. Mukufuna kukhala kuno kapena kwanu?"

"Kwathu," atate anatero.

Asanatilole kupita, airima anandiphunzitsa kutsuka ndi kumanga ndekha, n'kundipatsa nsalu zoyera ndi mapiritsi oletsa ululu. Tinabwerera pa ngolo yomwe ija, mvula itayamba kale.

Ndinkaganiza kuti basi tasiyana nawo, koma airima aakulu ankabwerabe. Msewu wa kwathu nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha, ndipo mitsinje ikadzaza munthu amadikira tsidya lina. Ankafika pamene athera, nthawi zina sabata ikatha, nthawi zina mochedwerapo, siketi ili matope mpaka m'chiuno chifukwa chokankha mota. Ulendo wina anagwa, anafika chigongono chikutuluka magazi, ndipo atate anawauza kuti athirepo phulusa la fodya. Tsiku limenelo airima anaseka.

Katekisita wa m'mudzi mwathu, bambo wofatsa amene anakula ndi atate, anabwera kudzawapempha kuti abatizidwe asanamwalire. Atate anamuthokoza, n'kukana. Iye anadikira tsiku limene airima anabwera, n'kuwakokera pambali pafupi ndi nkhokwe, pamene ine ndinkapeta.

"Airima, inu amakumverani. Auzeni. Nthawi yatha."

"Anandiuza maganizo awo tsiku loyamba," airima anayankha. "Akasintha, pakamwa ali napo, adzatiitana. Inu muziwapempherera, inenso ndikutero."

Katekisita sanakondwe nazo, koma sanalimbikire.

Atate anamwalira mwezi wa February, m'mawa, fodya wawo, amene achibale anawabzalira, ali m'munda wosathyola. Masiku awiri omaliza sankazindikira munthu. Maliro awo anali a gule, monga anafunira. Kwathu maliro otere akhristu ambiri amangofika kudzapepesa n'kubwerera zilombo zisanatuluke, ndipo ena safika n'komwe.

Uthenga unawapeza masisitere tsiku lomwelo, ndipo anafika awiri pa mota tsiku loika. Aang'ono anandikumbatira, analira nane, kenaka anapita kukakhala kunyumba ya katekisita pamodzi ndi akhristu ena. Aakulu anavula nsapato pakhomo, n'kulowa m'nyumba ya siwa, n'kukhala pamphasa pakati pa amayi, miyendo atatambasula ngati wina aliyense. Ng'oma zitayamba, zilombo zitatulukira kuchokera kumanda, amayi ena anawayang'ana kuti aone ngati anyamuke. Sananyamuke. Korona yopempherera anali nayo m'manja, ataiphimba ndi nsonga ya chitenje chimene wina anawabwereka, ndipo sanaimbe nawo kapena kuwomba m'manja. Maliro atanyamulidwa, iwo anatsala ndi amayi okalamba amene sakanatha kuyenda. Titabwerako kumanda ndinawapeza akutsuka mbale kuseri.

Anthu anakamba za nkhaniyi kwa nthawi ndithu. Akhristu ena ankati airima anachititsa manyazi mpingo. A gule ena ankati anabwera kudzazonda. Ndinamva kuti bambo mfumu wa parishi anawaitana kuti akafotokoze, koma zimene anakambirana sindizidziwa, ndipo sindinafunse.

Fodya wa atate tinathyola ndi achibale, koma wambiri anali ataonongeka. Ine sindinalimenso fodya, ndinayamba mtedza ndi soya. Chaka chotsatira airima aakulu anasamutsidwa kubwerera kumpoto. Ndinamva atapita kale, chifukwa masisitere akasamutsidwa satsanzika m'midzi.

Chaka chatha ndinakumana ndi airima aang'ono aja pamsika wa Chifunde, akugula matemba. Ananenepa, ndipo tsopano ndiwo akulu a nyumba ija. Anandiuza kuti anzawo aja maso anafooka, amakhala ku nyumba ya masisitere okalamba, kumene ntchito yawo ndi kusankha nyemba ndi kukalipira ophika. Anandifunsa za ana, ndinawauza kuti wamkulu akuphunzira za uphunzitsi ku Tete. Kenaka mayi wina wobereka mwana wodwala anawagwira mkono, iwo anatembenukira kwa iye, ine n'kupita kukafuna mota yobwerera kwathu.