Chipinda Chimene Delfino Anakumba

Delfino Bersano anabadwira m'mudzi wina wa pamwamba pa chitunda ku Monferrato, kumene nyumba, tchalitchi ngakhale makola n'zomangidwa ndi mwala woyera wokumba pansi pomwepo. Dzuwa likamatentha ankalima mphesa ngati wina aliyense. Koma kukayamba kuzizira, ntchito ya kumunda itaima, anzake ankakaswera ku bala, iye n'kumatsikira kunsi kwa nyumba ya bambo ake ndi piki, tchizulo ndi nyali.

Anakumba zaka zisanu ndi ziwiri, nyengo yozizira yokhayokha. Anasema masitepe khumi ndi anayi, timapanga ta m'khoma toikamo mabotolo a vinyo, komanso tebulo lozungulira lomera m'thanthwe lomwelo. Mayi ake ankadandaula kuti fumbi lake likufika mpaka mu supu.

Chaka chachinayi anaphonya muyeso. Atamenya piki khoma linabooka, ndipo kuseri, m'chipinda china chapansi chosungiramo vinyo, kunaoneka Nerina Ghiglia, mwana wamkazi wa nyumba yoyandikana nayo, botolo lili kumanja, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Mtsikanayo anangomufunsa ngati kwawo sadziwa ntchito ya chitseko. Mchimwene wake wa Nerina, dzina lake Ermete, analamula kuti bowolo litsekedwe mawa lomwe. Delfino anavomera ndithu, koma miyala yotsekera sinapezeke chaka chonsecho, m'mudzi wodzaza miyala. Pofika Pasaka wotsatira, ukwati unali utalengezedwa kutchalitchi, ndipo bowo lija analikonza kukhala kakhomo.

Anakhala limodzi zaka makumi asanu. Nerina atamwalira, mawondo a Delfino anayamba kukana masitepe. Mwana wawo Ornella anamutengera ku Torino, nyumba n'kugulitsidwa kwa anthu a ku Milano amene anaisandutsa malo olawitsira vinyo kwa alendo.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi yokolola mphesa, Ornella anamuperekeza kukaona kwawo. Fungo la mphesa zofinya linamupeza asanatsike m'galimoto. Pomwe panali nyumba ya wosula zitsulo ankagulitsapo zithunzi za mudziwo. Pakhomo pake pakale panaima alendo khumi, ndipo iye anaima pambuyo pawo, ndodo m'manja, n'kutsika nawo pang'onopang'ono atatsamira phewa la mwana wake.

Wowatsogolera anali mayi wina waulemu dzina lake Silvana. Anafotokoza kuti chipindacho chinakumbidwa zaka mazana awiri zapitazo ndi mmisiri wosadziwika, ndiponso kuti kakhomo ka pakonako kanali kothawirapo nthawi ya nkhondo. Ornella anafuna kuyankha, koma bambo ake anamugwira mkono. Sanakwiye ayi. Mumtima ananyadako kuti ntchito ya manja ake ikuoneka yakale chotero. Anasisita khoma lozizira, zala n'kupeza mizere ya tchizulo yopendekera mbali imodzi, poti iye anali wamanzere. Anakumbukira Nerina atakhala pa tebulopo akudula tchizi, akumuseka kuti anakwatiwa ndi mfuko.

Alendo atayamba kukwera, Delfino anasendera kwa Silvana.

"Pepani mayi, kodi mvula ya mu Novembala ikagwa, madzi amadikha pakona apo?"

Mayiyo anavomera modabwa, nati akhala akukolopa chaka ndi chaka.

"Pansi pa sitepe yachitatu pali kangalande. Wina anakamata ndi simenti. Katsegulireni, madzi akudziwa njira."

Silvana anamuyang'ana nkhope, kenako manja ake okhakhala, ndipo anafunsa dzina. Atalimva anazindikira kuti ameneyu ndi mwini nyumba wakale, mmisiri wosadziwika uja, ndipo anachita manyazi kwambiri, koma Delfino anati asadandaule, nkhani ya nkhondoyo ikukoma kuposa yeniyeniyo.

Masana anapeza Ermete pa benchi ya patchalitchi, atakalamba mpaka chipewa kumukulira. Ermete anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Alamu, ku Torino akukudyetsani mapepala? Mwatsala mafupa."

"Inunso manda akukuopani," Delfino anayankha, n'kukhala pambali pake.

Anadya limodzi buledi ndi soseji, akuwerenga anzawo amene anapita ndi amene atsala. Otsalawo sanakwane zala za dzanja limodzi. Za Nerina sanatchule, koma potsanzikana Ermete anachedwa kusiya dzanja la mlamu wake.

Mu Disembala kunafika kalata ku Torino. Silvana analemba kuti pansi pauma gwa, ndipo anapempha kuti mphesa zikadzayamba kuphukira, Delfino adzabwere kudzafotokozera yekha alendo. Delfino anauza Ornella kuti aiwerenge kawiri. Kenako anati aona mmene mawondo akhalire, koma tsiku lomwelo anatumiza jekete lake la kutchalitchi kochapitsa.